Kodi mwana wa masiku ano akufunikirabe kuphunzira kulemba pamanja?

Nabanda, Area 25, Lilongwe

Ndikupempha nzeru kwa aphunzitsi ndi makolo anzanga pa nkhani imene yatisiyanitsa maganizo ine ndi bambo a kunyumba kwa milungu ingapo tsopano. Tili ndi mwana wamwamuna wa zaka 8 amene ali mu Sitandade 3. Kuwerenga amawerenga bwino ndithu, Chichewa ngakhalenso Chingerezi cha msinkhu wake, koma akangogwira pensulo zinthu zimasokonekera. Malembo amakwera ndi kutsika ngati pamene yapalasa nkhuku, b ndi d amawasinthanitsa kawirikawiri, ndipo ntchito yochokera kusukulu imene anzake amamaliza dzuwa lisanalowe iye amakhala nayo mpaka nsima kuzizira, misozi ili lengelenge. Chodabwitsa n'chakuti mwana yemweyo akabwereka foni yanga amatha kulembera azakhali ake a ku Mzuzu uthenga womveka bwino pa WhatsApp popanda womuthandiza.

Bambo ake amagwira ntchito yowerengera ndalama pa kampani ina, ndipo akuti ndikungomuzunza mwanayu pachabe. Iwo amanena kuti chaka chimatha osagwira bolopeni kupatula posayina, kuti makalata onse a ku ofesi amadzera pa kompyuta, komanso kuti pofika nthawi imene mwanayu adzayambe ntchito, kulemba pamanja kudzakhala ngati kusula makasu, luso loti n'kutsala ndi anthu owerengeka. Ine ndinakula m'nthawi imene kope lauve linkang'ambidwa pamaso pa kalasi yonse, choncho mwina n'zoona kuti ndikulimbikira chifukwa cha chizolowezi chabe. Kodi pali chifukwa chenicheni choumirizira mwana wa masiku ano kulemba pamanja, kapena timulole azingotayipa poti kumeneko n'kumene akuchita bwino?

Mphunzitsi wopuma, Dedza

Anabanda, ndidaphunzitsa Sitandade 1 ndi 2 kwa zaka zoposa 30, ndipo pa zonse zimene mwafotokoza ine chandigwira mtima ndi nkhani ya b ndi d, chifukwa yankho la funso lanu lagona pamenepo.

Mwana asanayambe sukulu amakhala ataphunzira kale kuti chinthu sichisintha dzina chikatembenuka. Kapu ikaloza chogwirira chake kumanja ndi kapu, ikachiloza kumanzere ndi kapu yomweyo, ngakhale muivundikire pa thandala imakhalabe kapu. Ndiye tsiku lina mphunzitsi akubwera kudzamuuza kuti kamzere kokhala ndi mimba kumanja ndi b, mimbayo ikapita kumanzere ndi d, ndipo kakazondoka ndi p kapena q. Kwa diso la mwana, anayi onsewa ndi chinthu chimodzi chimene changotembenuzidwa. Chimene chimawasiyanitsa ndi dzanja, pakuti polemba b timayambira pamwamba, kutsika, kenako n'kupanga mimba, pamene polemba d timayamba ndi kuzunguliza monga tichitira ndi a, kenako n'kukwera ndi kutsikanso. Dzanja likazolowera maulendo awiri osiyanawa, diso nalo limasiya kusokoneza. Pa foni ulendo umenewu palibe, chifukwa lembo lili kale pamalo pake ndipo chala chimagunda chimodzimodzi kaya ndi b, kaya ndi d, kaya ndi z. Mwana wanuyo pa foni akusankha malembo amene wina adawapanga kale, ndipo munthu amene wadutsa msewu kambirimbiri ali m'basi akhoza kusochera tsiku loyamba limene mwamutuma wapansi.

Izi sindidaziwerenge m'buku. Mu 1994 boma la a Bakili Muluzi litachotsa fizi ku pulayimale, chiwerengero cha ophunzira chidakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni, ndipo ine ndidapezeka pansi pa mtengo ndi chigulu cha ana opanda makope okwanira, bolodi lili lotsamiritsa pa tsinde. Tinkayamba ndi kulemba m'malere, ine nditawafulatira kuti dzanja langa ndi lawo aziyenda mbali imodzi. Kenako aliyense ankasalaza malo ake pansi n'kulemba ndi chala kapena kamtengo, ine n'kumayenda pakati pawo mosamala kuti ndisaponde ntchito ya munthu. Chaka ndi chaka ndinkaona chinthu chomwecho: ana amene ankalemba pansi mwakhama ndiwo ankayamba msanga kuwerenga maphatikizo, pamene amene ankangokweza mawu poimba a, e, i, o, u ankafika kumapeto kwa chaka akuimbabe bwino, koma ukawalozera lembo limodzi palokha, maso ali pa mnzawo.

Koma bambo a kwanuwo sadalakwitse zonse, ndipo ife aphunzitsi akale tili ndi mlandu woti tivomere. Tinkasokoneza zinthu ziwiri, kulemba kowerengeka ndi kulemba kokongola. Tidamenya ana ndi rula pa nkhonyo za zala chifukwa cha mchira wa g umene sudapindike bwino, tidaumiriza ana amanzere kugwira pensulo ndi dzanja la manja, ndipo ena adadana ndi sukulu mpaka kalekale chifukwa cha zimenezo. Kukongola kwa malembo si nzeru. Ndidaphunzitsapo ana olemba ngati makina osindikizira amene sankamvetsa zimene akukopera, ndi ena olemba mokhotakhota amene lero ndi anthu ophunzira kwambiri. Choncho musamufunire kalembedwe kopachika pakhoma, mufunireni kalembedwe koti munthu wina awerenge popanda kufunsa, ndiponso koti iye alembe osatopa.

Musanachite china chilichonse, khalani pambali pake mumuone akulemba, osayang'ana zimene walemba koma mmene akulembera. Onani pamene akuyambira lembo lililonse, mmene wagwirira pensulo, ndi ngati akuweramira kwambiri pa kope, chifukwa nthawi zina vuto limakhala la maso. Mukatero mudzatiuze.

Wa makompyuta, Blantyre

Ndikulemekeza kwambiri zimene anena Aphunzitsi, ndipo pa ana a Sitandade 1 ndi 2 sindingatsutsane nawo. Komabe ndikufuna kuimako pang'ono kumbali ya bambo a mwanayu, chifukwa nkhani imeneyi ikayambika anthu ambiri amalankhula ngati kuti nthawi ya m'kalasi ilibe malire. Ola limene mwana wathera pokongoletsa malembo ndi ola limene sanawerenge, sanachite masamu, ndiponso sanaphunzire kutayipa. Dziko la Finland, limene maphunziro ake amatamandidwa kwambiri, linasiya kukakamiza ana kulemba molumikiza malembo kuyambira mu 2016, n'kusiya malembo oima paokha pamodzi ndi kutayipa. Ku America nakonso, miyezo ya maphunziro yotchedwa Common Core imene inatuluka mu 2010 sinaikemo kulemba kolumikiza. Anthu amenewa sanachite misala, anangowerengera kuti nthawi ipite kuti.

Ine ndimalandira achinyamata omaliza maphunziro a ukachenjede odzaphunzira ntchito, ndipo ambiri mwa iwo amatayipa ndi zala ziwiri, maso ali pa mabatani, moti lipoti la masamba atatu limawatengera tsiku lonse. Palibe amene amadandaula za zimenezi, koma mwana akalemba g wopindika, mudzi wonse umadzuka. Kutayipa nalonso ndi luso lofunika kuphunzitsidwa mwadongosolo, ndipo kugundagunda pa foni ndi zala zazikulu si kutayipa.

Ndichenjezenso za kafukufuku amene anthu amakonda kutchula. Mu 2014 Pam Mueller ndi Daniel Oppenheimer anapeza kuti ophunzira a ku yunivesite olemba manotsi pamanja ankamvetsa bwino phunziro kuposa otayipa pa laputopu, chifukwa otayipawo ankangokopera mawu a mphunzitsi mmene alili osawasinkhasinkha. Nkhaniyi inafala dziko lonse, koma ofufuza ena atabwereza kafukufukuyo mu 2019 sanapeze kusiyana koonekeratu, ndipo zimenezi sizinafale chimodzimodzi. Ngakhale kuno kwathu makina afika kale m'kalasi. Kuyambira mu 2023 Unduna wa Zamaphunziro ukuyendetsa pulogalamu ya BEFIT, imene ikupereka matabuleti otchajidwa ndi mphamvu ya dzuwa kwa ana a Sitandade 1 mpaka 4, okhala ndi maphunziro a bungwe la onebillion a m'Chichewa, ndipo pa matabuletiwo ana amatsatiranso malembo ndi chala. Ndiye kodi ulendo wa dzanja umene Aphunzitsi akunena sungayendedwe pa galasi?

Mphunzitsi wa Chichewa ku sekondale, Zomba

Achimwene a ku Blantyre afunsa funso labwino, ndipo lili ndi yankho. Mu 2012 Karin James wa ku Indiana University ndi mnzake Laura Engelhardt anatenga ana a zaka pafupifupi 5 amene anali asanadziwe kuwerenga, n'kuwaphunzitsa malembo m'njira zitatu: kulemba okha pa pepala loyera, kutsatira timadontho ta lembo lojambulidwa kale, ndi kutayipa. Atawaunika ubongo ndi makina pamene anawo ankayang'ana malembo aja, anapeza kuti mbali za ubongo zimene munthu amagwiritsa ntchito powerenga zinkadzuka kwambiri pa malembo amene mwana analemba yekha, kuposa amene anatsatira kapena kutayipa. Tanthauzo lake n'lakuti kutsatira mzere umene wina wajambula, kaya pa galasi kaya pa pepala, sikufanana ndi kulitulutsa lembo m'mutu mwako. Kukhotakhota kumene kukudetsa nkhawa Anabanda n'kumene kumaphunzitsa, chifukwa mwana akalemba a khumi osiyanasiyana, wina wonenepa wina wopendekeka, amafika pozindikira chimene chimapangitsa onsewo kukhala a. Kafukufuku wa manotsi a ku yunivesite amene mwatchulayo akukhudza anthu akuluakulu odziwa kale kulemba, choncho kugwa kwake sikugwetsa mfundo ya ana aang'ono. Onaninso kuti ku Finland komweko chimene anasiya ndi kulumikiza malembo, pensulo sanaitaye. Ndipo ena amene anathamangira makina akubwerera: mu 2023 nduna yoona za sukulu ku Sweden, Lotta Edholm, inatsogolera zobwezeretsa mabuku osindikizidwa ndi kulemba pamanja m'makalasi a ana aang'ono, ndipo chaka chomwecho boma la California linakhazikitsa lamulo loti ana a giredi 1 mpaka 6 aziphunzitsidwa kulemba kolumikiza.

Koma tisapite kutali, tibwerere pa mwana wa ku Area 25. Pakangotha zaka zisanu adzakhala pa desiki kulemba mayeso a PSLCE, kenako JCE, kenako MSCE, ndipo mayeso onsewa a MANEB amalembedwa ndi bolopeni pa pepala, wotchi ikuyenda. Ine ndimachonga zimangirizo za ophunzira a Fomu 4 sabata ndi sabata, ndipo ndikuuzeni mosabisa kuti wophunzira wolemba mochedwa amaluza kawiri. Koyamba, nthawi imamuthera mfundo zili m'mutu. Kachiwiri, ndipo ichi ndicho chachikulu, maganizo ake onse amathera pa kupanga malembo moti sipatsala mpata woganizira chiganizo chotsatira, ngati munthu wongophunzira kumene njinga amene sangathe kucheza uku akupalasa. Tikamati mwana azolowere kulemba, cholinga chake n'choti dzanja lizidziyendera lokha, mutu utsale ndi ntchito yoganiza. Za pepala losawerengeka ndiye sindinena zambiri, chifukwa wochonga sangapereke malikisi pa mawu amene akuchita kulota.

Palinso mbali ina imene imandikhudza monga mphunzitsi wa chiyankhulo chathu. Foni zambiri zimabwera zitakonzedwera Chingerezi, ndipo zimapotoza mawu a Chichewa kapena kuwadula mzere wofiira kunsi, choncho mwana amaphunzira kalembedwe kuchokera ku mauthenga a akuluakulu, amene ambiri amafupikitsa mawu ndi kudumpha zizindikiro. Nkhodolero ndiyo imayamba kutayidwa chifukwa imabisala pa tsamba lachiwiri la mabatani, chonsecho ng'oma yovinira ndi ngoma ya m'tchire zimasiyana ndi kachizindikiro komweko. Lembo la h nalo limasowa, mpaka kuphonya kumasanduka kuponya. Zolakwika zimenezi ndikuzipeza tsopano m'makope, zitasamuka kuchoka pa foni. Lembetso lolembedwa pamanja, mphunzitsi akutchula mawu pang'onopang'ono, ndi malo amodzi amene mwana amakakamizika kumvetsera liwu lililonse ndi kulipezera lembo lake popanda makina omulotera.

Bambo a mwanayu akuyeza dziko lonse ndi ofesi yawo. Kalembera wa 2018 anapeza kuti ndi nyumba pafupifupi 11 zokha mwa 100 zilizonse zimene zinkaunikira ndi magetsi, ndipo ngakhale sola yafala kuchokera nthawi imeneyo, moyo wa anthu ambiri ukuyendabe ndi kope ndi bolopeni. Kabuku kakuchipatala kamalembedwa pamanja. Mlembi wa banki mkhonde amalemba masheya ndi ngongole pamanja. Pa maliro, amene wapatsidwa kope la chipepeso amalemba mayina ndi ndalama anthu ali pamzere, kenako wina amakawerenga pagulu, ndipo dzina likawerengedwa molakwika pamakhala nkhani. Ngakhale wothandiza anthu kutumiza ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba, amene ntchito yake yonse ndi ya pa foni, amakhala ndi buku pa tebulo lolembamo manambala. Za kutayipa ndikugwirizana nanu kwathunthu, Achimwene, kuti kuphunzitsidwe mwadongosolo, koma kubwere pamwamba pa dzanja lozolowera kale.

Namwino, Leicester

Ndingowonjezerapo zimene ndikuona kuno ku England, kumene pafupifupi nyumba iliyonse ili ndi intaneti. Ana anga awiri aphunzira pulayimale konkuno, ndipo kulemba pamanja amakutenga mozama kuposa mmene ndinkaganizira ndisanabwere. M'sukulu zambiri mwana amalemba ndi pensulo mpaka mphunzitsi atakhutira ndi kalembedwe kake, ndipo pamenepo amapatsidwa kachikalata kotchedwa pen licence komulola kuyamba kugwiritsa ntchito cholembera cha inki. Wanga wamkulu atakalandira anakaika pa chitseko cha firiji ngati digiri. Mayeso a ku sekondale otchedwa GCSE nawonso ambiri akulembedwabe pamanja.

Chimene ndikufuna kutsindika n'china. Kuno amavomereza kuti pali ana ena amene vuto lawo si ulesi kapena kusazolowera, koma mmene ubongo ndi dzanja zimalumikizirana, vuto limene amalitcha dysgraphia, ndipo mwana wotero akaunikidwa amatha kuloledwa kulemba pa laputopu ngakhale pa mayeso. Sindikunena kuti mwana wanu ali ndi vutoli, Achemwali, chifukwa kusinthanitsa b ndi d kumachitika kwa ana ambiri ndipo kumatha. Koma popeza wafika zaka 8, amawerenga bwino, ndipo kulemba kukumuliza, mukayesa kumuthandiza kwa miyezi ingapo osaona kusintha, musamukalipire, mufunireni munthu womuunika.

Nabanda, Area 25, Lilongwe

Zikomo kwambiri nonse. Ndachita zimene Aphunzitsi a ku Dedza anandiuza, ndipo ndachita manyazi kuti zaka zitatu zonsezi ndakhala ndikuyang'ana kope osayang'ana dzanja. Mwanayu b ndi d amawayambira malo amodzi: amajambula kaye kamzere kuchokera pansi kukwera m'mwamba, kenako amaima n'kuganiza mbali yoti aikeko mimba, ndipo apa m'pamene amangolota. Pensulo amaigwira ndi zala zinayi pafupi penipeni ndi nsonga, akukanikiza mpaka malembo kuonekera pa tsamba lachitatu, ndipo akalemba mizere inayi amayamba kukutumula dzanja kuti lawawa. Za maso sindinaone chodetsa nkhawa, koma ndikamuyezetsabe.

Bambo ake ndawawerengera mayankho onse. Za ubongo sanazitsutse kapena kuzivomera, koma nkhani ya mayeso a MANEB yawakhazika chete, ndipo ati alola kuti mwanayu aziyeserera kulemba malinga nawonso azimuphunzitsa kutayipa pa laputopu yawo Loweruka lililonse, zimene ine sindikukana. Tsopano ndifunse, Aphunzitsi: kodi ndimugulire makope aja okhala ndi malembo a timadontho oti azitsatira, ndipo tiziyeserera nthawi yaitali bwanji pa tsiku?

Mphunzitsi wopuma, Dedza

Mwapeza gwero lake, Anabanda. Makope a timadonthowo musawonongerepo ndalama, chifukwa mwana akhoza kutsatira timadontho kuchokera pansi kukwera m'mwamba n'kumalimbitsa chizolowezi chomwe tikufuna kuchotsachi, ndipo aphunzitsi anzanga a ku Zomba afotokoza kale kuti kutsatira sikufanana ndi kulemba. Yambani panja, pa mchenga kapena pa simenti ndi choko, malembo aakulu ngati mbale ya ndiwo, kuti liyende ndi phewa lonse osati zala zokha, ndipo iye azinena mokweza zimene dzanja likuchita. Musaphunzitse b ndi d tsiku limodzi. Sabata yoyamba mutenge banja la malembo oyamba ndi kuzunguliza, c, a, o, d, g, ndipo d akakhazikika m'banja limenelo mudzatenge oyambira pamwamba, l, h, b, p, sabata ina. Mukabwerera m'kope, mupatseni kapensulo kakafupi kotsala pang'ono kutha, chifukwa sikalola zala zinayi kukwanapo, ndipo muike kope pa mulu wa mapepala ofewa kuti akakanikiza kwambiri pepala liziboka, adzaphunzira yekha kupepuza dzanja.

Mphindi 10 pa tsiku n'zokwanira, ndipo muzisiya iye asanatope, makamaka m'mawa kapena akangodya chamasana osati usiku. Kawiri pa sabata m'malo moyeserera malembo muzimutuma kulemba zinthu zenizeni, monga mndandanda wa zokagula kumsika umene inu mukautengedi ndi kuuwerenga iye akuona, kapena kalata ya pa pepala yopita kwa azakhali ake a ku Mzuzu, imene mungaijambule ndi foni n'kuitumiza pa WhatsApp pomwepo. Mukawauzenso aphunzitsi ake a m'kalasi zimene mukuchita, kuti kwa kanthawi amuchepetsereko zokopera. Ikatha teremu imodzi popanda kusintha, tsatirani malangizo a anamwino a ku Leicester: funsani ku ofesi ya mlangizi wa maphunziro wa m'dera lanu kuti akulozereni sukulu yapafupi yokhala ndi mphunzitsi wa ana ofunika thandizo lapadera, mwa aja amaphunzitsidwa ku koleji ya Montfort ku Nguludi, ndipo popita kumeneko mudzatenge makope ake akale ndi atsopano kuti akayerekeze.